Nkhunzi Imene Tinaipereka kwa Muniyandi

Madurai,
4 Okutobala 1993

Akka Ponnuthai, achemwali anga,

Ine kuno ndili bwino, kaya inu kumudziko ku Mangalapatti? Bambo athu, Appa, akudzuka bwanji ndi mawondo awo aja? Mundiperekere moni, ndipo muwauze kuti mwana wawo sanafe ndi njala m'tauni monga ankanenera tsiku limene ndinkachoka.

Ntchito ikuyenda. Tsiku lililonse ndimaperekeza azungu pa kabasi ka bwana Rangan, m'mawa kukachisi wa Meenakshi, masana kunyumba yachifumu ya zipilala zonenepa ija, dzuwa likapendeka kudziwe lalikulu. Amayang'ana nsanja za kachisi mpaka makosi kuwawa, kenako n'kundifunsa kuti milungu yoima pamenepoyi ilipo ingati. Ine ndimangotchula nambala imene yabwera m'mutu, iwo n'kulemba m'kabuku. Kuvula nsapato pachipata ndiye nkhondo, ndipo miyala ikawaotcha kumapazi amavina osafuna ng'oma. Dzulo njovu ya pakachisi inaika chitamba pamutu pa mayi wina kuti imudalitse, mayiyo anakuwa mpaka ogulitsa maluwa onse kuseka.

Koma miyala yawakwana, Akka. Bambo wina wandevu anandifunsa pamaso kuti, "Zipilala taziona, nanga chamoyo kulibe?" Mawu amenewa andipatsa maganizo, ndidzakuuzani zikapsa.

Mkazi wanga Kanmani pakati pakula. Mwezi wamawa akupita kwa amayi ake ku Tirunelveli kukadikira, poti ndi mwana woyamba. Akupereka moni.

M'phukusimu muli malaya achikasu, ofanana ndi amene timavala pantchito. Ndinangowavala kawiri kokha. Appa awavale popita kumsika, anthu aone kuti ali ndi mwana kutauni.

Chopempha changa ndi chimodzi. Munditumizire chithunzi cha nkhunzi yanu Minnal. Zaka zisanu zapita ndisanaponde kumudzi, ndinamusiya ali kathole koyamwa chala chanu, ndiye sinditha kumuyerekeza kukula kwake. Nanga a Malaichamy mtima unatsika chifereni mwana wawo Sundaram pa nyanga za Minnal pa chikondwerero cha Pongal chathachi? Tonse tikudziwa kuti imfa ya pabwalo logwirira nkhunzi ilibe mlandu, mnyamata amalumphira linunda mwa kufuna kwake.

Ndine mlongo wanu,
Vairam


Mangalapatti,
19 Okutobala 1993

Thambi, mlongo wanga wamng'ono,

Kalata yako tailandira pamodzi ndi phukusi. Tili moyo. Mawondo a Appa ndi omwe aja, pakamwa pawo ndi pomwe paja.

Malaya ako anawatambasula, n'kuwayang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, n'kunena kuti, "Ine wandiyesa nthochi yakupsa?" Anawaponya pamphasa. Usadandaule, sanapite pachabe. Munthu wa udzu amene Minnal amaphunzirirapo kugunda anali maliseche, ndiye ndamuveka malayawo. Amukhala bwino kuposa iwe. M'mawa uliwonse ndimamuimika pamulu wa dothi lofiira kuseri kwa khola, Minnal n'kumunyamula pa nyanga, ine n'kumupatsa nthochi. Ndimasoka malayawo pafupifupi tsiku lililonse.

Nditawerenga kuti ukufuna chithunzi ndinalira pang'ono, ndisakubisire. Ndinati kodi mwanayu wayamba kusowa kwawo? Ndinamusambitsa Minnal kumtsinje, ndinaitana wojambula wa kusiteji ya basi, ndipo chithunzicho ndi chimenechi. Taona linundalo. Amadya njere za thonje ndi madeya a mpunga kuposa mmene ine ndimadyera. Anthu a pakhomo amawadziwa ndi fungo, Appa amagona nkomwe atatsamira mimba yake. Mlendo yekha ndiye sayerekeza.

Za a Malaichamy wafunsa ngati ukufunsa za mvula. Iwe sunaone. Ine ndinali pomwepo. Nyanga inalowa m'mimba mwa Sundaram n'kutulukira m'nthiti, ndipo mkulu wake Thangapandi anamunyamula akubwezera matumbo ndi dzanja. Zoti imfa ya pabwalo ilibe mlandu ndi zoona pakamwa, koma kawauze amayi ake.

Thangapandi wasiya kulima, amangokhalira kunola chikwanje pamwala wa pachitsime. Sabata yatha tinapeza galu wathu atamudula mutu, mutuwo atauzika pachipata cha khola. Lachisanu ndikutunga madzi anandiyandikira n'kunena kuti, "Ponnuthai, ndikufuna mutu wa ng'ombe ija, apo ayi mutu wa mwana wamwamuna wa nyumba yanu. Sankhani nokha." Mwana wamwamuna m'nyumba muno alipo mmodzi, ndi iweyo. Ndiye ngakhale ndikukusowa, bakhala komweko.

Akuluakulu a mbali zonse ziwiri ayamba kukumana kukachisi wa Muniyandi. Zikatha ndikulembera. Umuuze Kanmani asanyamule zolemera.

Akka wako,
Ponnuthai


Mangalapatti,
8 Novembala 1993

Thambi,

Moni kwa iwe ndi kwa Kanmani ngati sananyamuke. Bwanji sunayankhe? Chithunzi chinafika?

Lero ndili ndi nkhani yabwino, ngakhale yandiwawa. Mlandu watha. Akuluakulu anagwirizana kuti Minnal timupereke kwa Muniyandi, akhale ng'ombe ya mulungu. Ukudziwa tanthauzo lake. Sadzalimbananso ndi munthu pabwalo. Pa Pongal azidzatuluka woyamba pachipata atavala nkhata ya maluwa, aliyense atapatuka, popanda womukhudza. Sangagulitsidwe, sangaphedwe. A Malaichamy anati chimene sakanapirira ndi kuona anthu akuombera m'manja ng'ombe imene inapha mwana wawo, koma ikakhala ya mulungu alibe nayo mawu.

Lachiwiri anamuotcha chizindikiro pantchafu ndi chitsulo chamoto. Ndinamugwira mutu ndine, ndipo fungo la chikopa chopserera silinandichokebe m'mphuno. Kenako a Malaichamy analandira phulusa lopatulika m'manja mwa Appa n'kudzipaka pamphumi, anthu onse akuona. Thangapandi anakana kwa nthawi yaitali, koma bambo ake anamugwira pakhosi mpaka analandira. A Malaichamy anatiuza chinthu chimodzi chokha, kuti dzina la Sundaram ndi imfa yake tisazitchulenso podzitama paliponse. Appa analumbira m'malo mwa nyumba yonse, ndi iwe yemwe.

Wansembe wati Minnal abakhala m'khola mwathu mpaka Pongal, akadzatuluka pabwalo ndiye aziyenda yekha m'mudzi. Ndikumuseweretsabe ndi munthu wa udzu uja kuti asaswe khola ndi ukali.

Tsopano ukhoza kubwera, Thambi. Ndikuphikira nkhuku ya tsabola ngati ya Amayi.

Akka wako,
Ponnuthai


Madurai,
12 Novembala 1993

Akka,

Moni nonse. Ndikulemba mothamanga, mawa ndikunyamuka ndi alendo kupita ku Rameswaram, kenako kumapiri a Kodaikanal, mwina milungu itatu kapena inayi. Kanmani anapita kale kwa amayi ake, ndiye ndasamukira kachipinda kena pafupi ndi ofesi. Adiresi yatsopano ili kuseri kwa envelopu.

Chithunzi ndinachilandira, zikomo kwambiri. Akka, mwalera chilombo! Nditamuonetsa bwana Rangan anaimirira pampando. Maganizo aja ndi awa. Chaka chino pa Pongal tikubweretsa alendo kumudzi kwathu kudzaona anyamata akugwira nkhunzi. Makachisi aliyense amaonetsa, koma izi palibe wina ali nazo.

Ndatsekeramo kapepala kamodzi mwa timene tasindikiza. Taonani mmene Minnal watulukira. Mawuwo ndinapeka ndine, m'Chingerezi ndi m'Chitamili: "Bwerani ku Mangalapatti mudzaone nkhunzi imene inapha munthu. Chaka chino ipha yani?" Tamata m'mahotela, kusiteshoni ya sitima, pazipata zonse zinayi za kachisi, ngakhale pamabasi. Bambo wandevu uja wasintha tsiku lobwerera kwawo kuti adzaone.

Za Thangapandi musataye nazo tulo. Tinaphunzira limodzi, ndinkamugwetsa kuseri kwa sukulu ali ndi mamina. Amene akufuna kupha munthu sayamba ndi galu. Ndipotu timapepalati tili m'tauni, iye tauni amaidziwa?

Appa muwaonetse. Ankati ndinathawa ng'ombe, lero ndine amene ndikutchukitsa ng'ombe yawo mpaka kunja kwa dziko. Za munthu wa udzu ndaseka mpaka misozi.

Mlongo wanu,
Vairam


Mangalapatti,
29 Novembala 1993

Iwe Vairam,

Ndine bambo ako, Sevugan. Akulemba ndi mlongo wako chifukwa dzanja langa lamanja lathyoka pawiri. Moni sindikupatsa.

Lachisanu masana basi ya ku Madurai inaima pasiteji ili ndi pepala lako m'nthiti mwake. Amayi ake a Sundaram amakwera basi yomweyo kupita kuchipatala. Sadziwa kuwerenga, koma ng'ombe anaizindikira. Anapempha kondakitala kuti awawerengere, ndipo anawawerengera mokweza anthu onse akumva. Anagwa pansi pomwepo n'kuyamba kudzimenya pachifuwa.

Ine ndinali pabenchi ya watiyi, kapu ili m'manja, osadziwa kanthu. Thangapandi anabwera ndi asuweni ake atatu. Anamatula pepalalo, analikwinya, n'kundikanikizira m'kamwa. Anati, "Idyani, madala. Munalumbira ndi pakamwa pomwepa." Nditalavula anandimenya ndi goli la ngolo. Koyamba ndinatchinga ndi mkono, ndinamva fupa likulira. Kachiwiri linandichotsa mano anayi. Anandipondaponda m'ngalande mpaka watiyi anawathira madzi otentha.

Zaka makumi asanu ndi limodzi ndakhala m'mudzi muno, nkhunzi zinandithyolapo nthiti, koma munthu anali asanandigwetsepo. Chimene chikundiwawa si mkono. Ndinapereka phulusa la mulungu ndi dzanja langa, ndinalumbira m'dzina lako, iwe n'kutenga maliro a mwana wa mnzanga kukagulitsa kwa azungu. A Malaichamy sanandimenye. Anangobwera pakhomo, n'kupukuta pamphumi pawo ndi nsalu ine ndikuona, n'kubwerera. Bola akanandimenya.

Usabwere kuno. Azungu akowo uwaonetse miyala.

Sevugan

Thambi, pano ndikulemba ndine. Appa atembenukira kukhoma. Kalata yanga ya pa 8 sunailandire? Ndinatumiza kunyumba yakale. Ndikanadziwa kuti chithunzi ukufunira zimenezi ndikanachitafuna. Ine ndinkati ukusowa kwanu, ndinali wopusa.

Thangapandi wanena pamaso pa anthu kuti ng'ombe sangaikhudze poti ndi ya mulungu, ndiye kwatsala mutu umodzi. Matula mapepala onsewo. Usaponde kuno pa Pongal, ndakugwira mwendo. Yankha msanga, ndimve kuti wamva.

Ponnuthai


Madurai,
20 Disembala 1993

Akka,

Ndabwerako dzana. Mvula inagumula msewu wa kumapiri, tinatsekeredwa kumeneko masiku khumi. Kalata ya Appa ndinaipeza pansi pa chitseko, ndipo ya pa 8 ndakaitenga dzulo kwa mwini nyumba yakale, anaiika pamwamba pa kabati n'kuiwala. Ndawerenga zonse ziwiri nditakhala pamasitepe a dziwe la m'kachisi, anthu akundidutsa, ine ndikulira ngati mwana.

Ndikanalandira kalata ija nthawi yake sindikanasindikiza. Mukhulupirire zimenezi. Dzulo lonse ndayenda ndi mpeni kupala mapepala m'makoma, mpaka mlonda wa hotela ina anandiwaza mbama poganiza kuti ndine wamisala. Koma mabasi ndingawapeze onse? Appa akudya bwanji opanda mano? Mkono anaumanga kuchipatala kapena kwa asing'anga?

Tsono zoti ndisabwere ndiye ayi. Munthu wathyola bambo anga mkono masana dzuwa likuswa mtengo, ine ndibisale kuseri kwa zipilala? Mudzi wonse udzati mwana wa Sevugan anayatsa moto n'kusiyira nkhalamba ndi mkazi. Ndikudziwa kuti Appa akuchita nane manyazi, ndipo inunso mwina simukufuna kuti anthu andione pakhomo. Nenani zoona, musabisale kumbuyo kwa Thangapandi.

Sindikubwera kudzamenyana. Ndikufuna ndidzagwe pamapazi a amayi ake a Sundaram anthu onse akuona, monga anamvera chipongwe changa anthu onse akuona. Ndipo ndidzakhala ndi azungu makumi awiri ndi awiri, apolisi adzakhalapo. Ndani angatukule chikwanje pamaso pa makamera? Inu simuwadziwa anthu mmene amaopera mzungu. Pachipata cha kachisi wapolisi amene amandikankha ndikakhala ndekha amandichitira sawatcha ndikakhala nawo.

Bwana Rangan wakana kusintha ulendo, alendo analembetsa kale. Ndikapanda kupita ine apita nawo mnyamata wa ku Madras amene sadziwa kuti pabwalo munthu amaima pati.

Kanmani sindinamuuze chilichonse, masiku ake ayandikira. Inunso musamulembere.

Mlongo wanu,
Vairam


Mangalapatti,
3 Januwale 1994

Thambi,

Manyazi? Ine ndichite manyazi ndi iwe, amene ndinakubereka kumsana Amayi atamwalira? Mutu wakowo unadzaza ndi Chingerezi mpaka nzeru zinasowa pokhala.

Tamvera. Dzulo masana atentha mulu wathu wonse wa udzu wa mpunga, ife tikuona. Thangapandi anaima pamsewu manja ali m'chiuno mpaka moto unazima. Pachitseko anakhomapo pepala lako atalipaka magazi a tambala. Apolisi amene ukuwadalirawo amabwera awiri, ndipo chaka chilichonse nkhunzi yoyamba isanatuluke amakhala atakwera kale mumtengo wa bwemba.

Azungu ako ndi a kukachisi. Kuno palibe amene amawaopa, ndipo munthu amene ananyamula matumbo a mng'ono wake saona kamera. Ngati ukufuna kupepesa, udzapepesa chaka chamawa mitima itazizira. Amayi ake a Sundaram sathawa.

Appa akumwa phala. Sakutchula dzina lako, koma wapositi akadutsa amadzuka. Popeza mkono wawo uli m'chikhakha, pa Pongal chingwe cha Minnal pachipata ndidzagwira ndine. Amuna akung'ung'udza, koma palibe wina amene Minnal angamulole.

Usabwere. Ukabwera usatsike m'basi. Ndilibe mlongo wina.

Akka wako,
Ponnuthai


Tirunelveli,
2 Febuluwale 1994

Alamu anga a Ponnuthai,

Ndine Kanmani. Sitinaonanepo maso ndi maso, ndimakudziwani ndi makalata amene amuna anga ankandiwerengera akuseka. Muli bwanji, inu ndi apongozi anga?

Mwana anabadwa pa 14 Januwale, wamwamuna. Pa 16 bambo ake anamwalira, koma ine anandibisira mpaka masiku khumi atatha. Mtembo wawo anauotcha ine osauona. Amayi anandivula mkanda wa ukwati ndili pamphasa, mwana ali kubere.

Alamu, palibe amene akundiuza zoona. Bwana Rangan analemba mizere itatu, akuti inali ngozi. Dalaivala wa kabasi anauza achimwene anga kuti munthu wina dzina lake Thangapandi anamukoka pansanja n'kumutema. Wina akuti inali ng'ombe. Ng'ombe yanji, poti amuna anga sanagwirepo ng'ombe chikhalireni?

Achimwene anga atatu anola zikwanje. Akuti mwambo wa tsiku la makumi atatu ukangotha akwera basi kubwera kumeneko, ndipo sabwerera Thangapandi ali moyo. Ine sindikuwaletsa. Ndikamayamwitsa ndimafuna munthu ameneyo atafa. Koma ndisanawalole, ndikufuna ndimve kwa inu amene munalipo. Anapha amuna anga ndani? Ananena chiyani pomaliza? Musandinyengerere, ndalira kale.

Mlamu wanu,
Kanmani


Mangalapatti,
10 Febuluwale 1994

Kanmani, mlamu wanga,

Kalata yako yafika dzulo. Ife tilipo. Ndayamika pomva za mwana. Wati ndisakunyengerere, ndiye khala pansi, mwanayo umupatse wina.

Tsikulo ndinamusambitsa Minnal m'mawa, wansembe anamupaka utoto wofiira pamphumi n'kumuveka maluwa. Ndinalowa naye m'chipata chopapatiza chija, chingwe cha m'mphuno chili m'manja mwanga, tikudikira ng'oma. Pamenepo pali mpata pakati pa matabwa, ndiye bwalo lonse ndinkaliona. Ndinaona kabasi kakufika. Ndinaona azungu akukwera pansanja ya nsungwi, ndipo womalizira anali Vairam atavala malaya ake a ntchito. Zaka zisanu ndisanamuone. Ananenepa, ndipo ankayang'ana uku ndi uku, ndikudziwa kuti ankafuna ine.

Dalaivala sananame. Thangapandi ndi anzake asanu anakwera pansanjapo, anamugwira Vairam miyendo n'kumugwetsera m'bwalo chagada. Apolisi anathawa. Azungu ena anakuwa, ena ankajambula, wandevu uja anachita kugwada kuti ajambule bwino. Thangapandi ndi anzakewo anamenya Vairam ndi nsungwi, kumutu, kumsana, paliponse. Ndinamumva akukuwa kuti, "Thangapandi, ndabwera kudzapepesa! Nditengere kwa amayi ako!" Thangapandi anati, "Ukapepese kwa Sundaram," n'kusolola chikwanje kumsana. Choyamba Vairam anatchinga ndi dzanja, zala ziwiri zinagwa pamchenga. Anatukulanso kachiwiri.

Ine ndinalibe mpeni, ndinalibe mwamuna woti andithandize. Ndinali ndi ng'ombe. Ndinaganiza kuti ng'ombe ya mulungu ikatuluka aliyense amapatuka, ngakhale woledzera, ndipo Minnal adzangodutsa pakati pawo kuthamangira kumtsinje monga zimachitira nkhunzi zonse. Ndinasolola chingwe, ndinamumenya pathako.

Anapatukadi. Thangapandi anagwetsa chikwanje n'kudziphatika kumpanda. Minnal anamudutsa pafupi kwambiri moti maluwa anamukhudza, osamuyang'ana n'komwe. Anadutsa enawo asanu. Vairam anadzuka n'kugwada pamchenga, ndipo Minnal anaima.

Kanmani, malaya achikasu amene Vairam anatumizira Appa ndinaveka munthu wa udzu, unamva nawe nkhaniyo n'kuseka. Miyezi itatu, m'mawa uliwonse, ndinaphunzitsa ng'ombe imeneyi kuti ikaona malaya amenewo iweramitse mutu. Analinso ndi thukuta lake, sindinawachape. Ndinalemba makalata onse aja kumuchenjeza za Thangapandi, koma za malaya sizinandibwerere m'mutu ngakhale kamodzi. Zinandibwerera Minnal atayamba kupalasa pansi.

Ndinakuwa dzina lake, sanamve. Nyanga yakumanja inalowa pansi pa nthiti. Anamunyamula, anamuponya m'mwamba, atagwa anamunyamulanso. Kenako anatembenuka, magazi akutsika m'maluwa, n'kubwerera kuchipata kumene ndinaima. Anandigunda dzanja ndi mphuno. Ankafuna nthochi yake.

Amene anayamba kufika pa Vairam anali Thangapandi. Anavula nsalu yake n'kutseka balalo, akulira kuti, "Pomwepa, pomwepa, ngati Sundaram." Anamunyamula yekha mpaka pakabasi. Ndinakwera nawo, mutu wa Vairam uli pamiyendo panga. Wafunsa mawu ake omaliza. Anatsegula maso tisanafike pamlatho, anandizindikira, n'kunena kuti, "Akka, ameneyu ndi Minnal? Wakula." Sanayankhulenso. Madurai tinafika naye atazizira, nsanja za kachisi zikuoneka patsogolo.

Pamaliro a Malaichamy anabwera ndi akazi awo. Amayi ake a Sundaram anaika mpunga wa mwambo wa maliro pakamwa pa Vairam ndi dzanja lawo, n'kundikumbatira. Thangapandi ali m'manja mwa apolisi chifukwa cha zala zija ndi mkono wa Appa. Udani watha, palibe amene ali ndi mphamvu zoupitiriza.

Ndiye uwawerengere achimwene ako kalatayi. Mwina Thangapandi akanamupha, mwina chikwanje chachiwiri chikanaphonya, sindidzadziwa mpaka imfa yanga. Koma amene anasolola chingwe ndine, amene anaveka udzu malaya ndine. Ngati akufuna mutu, asavutike kufunsa njira, nyumba yathu ndi yachitatu kuchokera pachitsime, ndimakhala pakhonde. Asakhudze wina aliyense, chifukwa a Malaichamy ali ndi zidzukulu, ndipo iwe uli ndi mwana wamwamuna.

Appa anatenga nkhwangwa ndi dzanja lamanzere kuti akaphe Minnal, koma anakaima pakhola n'kubwerera. Ndi ng'ombe ya Muniyandi. Sitingaiphe, sitingaigulitse, sitingaimange. Ikuyenda m'mudzi mmene ikufunira, anthu akuipatsa mpunga n'kuigwadira. M'mawa uliwonse imabwera pakhomo pathu n'kuima mpaka nditatuluka. Ndimaipatsa madeya ake. Ndimadana nayo, ndipo ndimaikanda pakhosi, zonse ziwiri.

Ndili ndi pempho limodzi, ukhoza kukana. Unditumizire kansalu kamene mwana wagonera, kosachapa. Ndizikaika m'dzanja langa pomudyetsa Minnal, kuti adziwe fungo lake ngati la munthu wa pakhomo. Tsiku lina mwanayo adzafuna kuona kwawo kwa bambo ake, ndipo ng'ombeyi imayenda yosamangidwa.

Mlamu wako,
Ponnuthai